Rozi ya Kuseri kwa Khitchini

Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri zimene a Nasoni Efelo anagwira ntchito yosamalira maluwa pakhomo panga ku Area 14, sindinawatchulepo ndi dzina lija anzanga ena amatchulira antchito awo, lakuti gadeniboyi. Munthu wa imvi, wokhala ndi zidzukulu, sangakhale mnyamata wa wina aliyense. Ine ndinkawatcha a Nasoni, iwo nʼkumanditcha bwana, ndipo mʼmawa uliwonse akafika kuchokera ku Kauma, kumene ankayenda wapansi, tinkayamba tapatsana moni wokwanira, wofunsana za kunyumba, tisanakambe za ntchito. Ndanena izi poyamba kuti mudziwe kukula kwa chimene ndinachita mʼmwezi wa Meyi chaka chatha, pamene ndinawauza kuti akapanda kumvera lamulo langa pofika Loweruka, ntchito yawo yatha.

Lamulolo linali lokhudza maluwa a rozi. Ndinagwira ntchito yoyendera sukulu kwa zaka zambiri, ndipo diso limene linazolowera kuona kolala yopindika kapena bolodi losafufutidwa silipuma chifukwa chakuti mwini wake wapuma pantchito. Duwa likafota linkayenera kudulidwa mʼmawa womwewo. Duwa lofota losiyidwa pamtengo ndinkaliona ngati mwana wa sukulu amene watulutsa malaya kunja kwa kabudula. Panalinso chifukwa china chimene wolima maluwa aliyense amachidziwa: ukadula lofota, mtengo umaphuka ena. A Nasoni ankatsatira lamuloli mosaphonya, mpaka anthu odutsa mumsewu ankaima pageti nʼkumasuzumira.

Kuseri kwa khitchini sindinkapitako kawirikawiri. Kumeneko nʼkwa mkazi wanga, amayi a Thoko, amene dzina lawo la ubatizo ndi Evelina, ngakhale kuti ine sindinalitchulepo pamaso pa anthu chikwatirane. Koma Lolemba lina mpopi wa kumeneko unayamba kudontha, ndipo nditapita kukauona ndinaima chilili. Rozi yakale yoyanga pampanda, ija ya maluwa aangʼono imene tinaipeza polowa mʼnyumbayi, inali itasanduka tchire. Maluwa anafota kalekale nʼkuyoyoka okha, ndipo pamalo pake panali timipira totupa, tambiri tobiriwira, tina titayamba kuchita chikasu. Nsonga za nthambi zinali zitadzaza nsabwe, kusonyeza kuti mtengowo sunapoperedwe mankhwala kwa miyezi.

Ndinaitana a Nasoni nʼkuwaonetsa, nʼkuwalamula kuti adule timipirato. Iwo anavula chipewa, nayangʼana mtengowo ngati akuuona koyamba, nanena kuti amva. Lachiwiri ndinapitanso, osapeza kusintha. Lachitatu chimodzimodzi. Apa ndinawaitanira pakhonde nʼkuwafunsa ngati makutu awo ayamba kuvuta, chifukwa ukalamba si mlandu ndipo tikanatha kupita kuchipatala.

"Makutu ali bwino, bwana," anatero. "Mundikhululukire, wina uliwonse ndidula, koma umenewu wokha ayi."

Nditafunsa chifukwa, anangoti pakamwa pawo mʼpomangidwa. Mʼmoyo wanga wonse wa ntchito palibe mphunzitsi amene anandiyankhapo chotere. Ndinachiyesa chipongwe, ndipo chinandipweteka kwambiri pochokera kwa munthu amene ndinkamulemekeza. Ndi pamene ndinatchula za Loweruka. Iwo anangowerama pangʼono, navala chipewa chawo, nabwerera kukathirira kapinga.

Madzulo a tsikulo, nthawi ya folo koloko, amayi a Thoko anabweretsa tiyi pakhonde monga mwa masiku onse. Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu akhala akugwada pondipatsa madzi osamba mʼmanja ndi kapu. Sindinawalamulepo kutero, koma ndiyenera kuvomera kuti ndinkayamikira khalidweli mokweza, makamaka pamaso pa akazi a ana athu. Ndinawauza kuti a Nasoni ayamba ulesi ndipo alekerera rozi ya kuseri. Za kuwachotsa ntchito sindinatchule, poti nkhani zotere sindikambira pa tiyi.

"Mtengo umodzi wokha, abambo a Thoko," anatero, "wa kuseri kumene alendo safikako."

Ndinawayankha kuti ulemu suchitikira alendo okha, ndipo munthu amene amasesa pabwalo pokha nʼkusiya kuseri ndi wachinyengo. Sanatsutse. Podzuka anagwira mkono wa mpando wanga, nakhala kanthawi asanawongoke. Ndinaona zimenezo ndi maso angawa, koma diso lija lodziwa kupeza kolala yopindika silinandiuze kanthu. Anakhala pampando wawo nʼkumamwa tiyi wawo wofiirira, amene anali atayamba kumwa chaka chapitacho. Nditawafunsa za tiyiyo tsiku lina ananena kuti ndi wochokera kwa Thoko, ine nʼkuganiza kuti ndi chidede, nkhani nʼkuthera pomwepo.

Lachisanu amayi anapita ku msonkhano wa Chigwirizano ku tchalitchi, ndipo a Nasoni ndinawatuma kukatenga manyowa. Nditatsala ndekha ndinaganiza kuti njira yabwino yopulumutsira munthu wouma mutu ndiyo kumugwirira ntchito imene akuikana, kuti Loweruka likafika pasakhalenso mlandu. Ndinadziona ngati wachifundo. Ndinatenga chodulira mʼkanyumba ka zipangizo, ndinapinda manja a malaya, ndipo ndinadula timipira tonse, osasiyapo ndi kamodzi komwe. Nditatero ndinasungunula mankhwala a nsabwe nʼkupopera mtengo wonse, pamodzi ndi mulu wa zodulidwa zija, kuti tizilombo tisafalikire.

A Nasoni atabwera ndi wilibala anaona zimene zinachitika. Anakhuthula manyowa, natsuka wilibala, natsanzika pa nthawi yake.

Loweruka mʼmawa anafika atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Zipangizo zonse anali atazitsuka dzulo lake nʼkuzindanditsa mʼkanyumba muja, khasu, fosholo, chikwanje ndi chodulira chopakidwa mafuta. Anaika kiyi wa kanyumbako patebulo la pakhonde ndi manja awiri. Ndinawauza kuti nkhani ija yatha, popeza ntchitoyo ndagwira kale ndekha. Iwo anayankha mwaulemu kuti nʼchifukwa chake abwera ndi jekete: mwini munda akagwira yekha chodulira, ndiye kuti wantchito watha ntchito, ndipo iwo sangadye malipiro a ntchito imene bwana akugwira ndi manja ake. Anandithokoza chifukwa cha zaka zonse, anapempha kuti ndiwatsanzikire kwa mayi, natuluka pageti nʼkulitseka bwinobwino.

Amayi anali akusamba pa nthawiyo. Asanatuluke, galimoto ya Thoko inalowa. Thoko ndi mwana wathu wachisamba, ndipo amagwira ntchito mʼsitolo ya mankhwala ku City Centre. Anandipatsa moni mothamanga, napitirira kuseri atanyamula lichero latsopano. Posakhalitsa anabwerera, lichero lili mʼmanja, nkhope itasintha.

"Adadi, wadula rozi ija ndani?"

Ndinamukumbutsa, monga ndachitira kuyambira ali ku sekondale, kuti ine ndine abambo ake, adadi akawafune kwa anzake. Kenako ndinamuuza kuti ndadula ndine.

Anakhala pasitepe ya khonde, nandifotokozera zonse, ndipo ndiyenera kumuyamikira kuti sanakweze mawu. Amayi ake anali ndi nyamakazi ya mʼmawondo kwa zaka ziwiri. Anawatengera kuchipatala ine ndikuganiza kuti apita kumsika wa ku Old Town, ndipo anapatsidwa mapiritsi, koma mapiritsiwo ankawawotcha mʼmimba akamwa masiku otsatizana. Ndipo Thoko anawabweretsera tiyi wopangidwa ndi zipatso za rozi, timipira tija timatsala duwa likayoyoka. Anati zipatsozo zikapsa nʼkufiira zimakhala ndi vitamini C wambiri, ndipo anthu ena a nyamakazi amaona kuti kuphwanya ndi kuuma kwa mfundo kumachepako akamamwa kwa nthawi. Anatsindika kuti si mankhwala ochiza, sangalowe mʼmalo mwa dokotala, ndipo si onse amene amathandizidwa. Koma amayi ake anaona kusintha: mʼmawa ankadzuka mosavuta, mapiritsi ankamwa mwa apo ndi apo, ndipo chisanu cha chaka chapitacho chinadutsa chimfine chitangowakhudza pangʼono. Tsono sitolo imene inkagulitsa tiyiyo inasiya kuitanitsa. Mʼkabati munatsala timapaketi tosakwana sabata ziwiri, Juni ali pakhomo, mwezi umene mawondo amavuta koposa. Nʼchifukwa chake mu Febuluwale amayi anapempha a Nasoni kuti rozi ya kuseri asaidule maluwa ndipo asaipopere mankhwala, nawalumbiritsa kuti asandiuze. Zipatsozo zinatsala ndi milungu itatu kuti zipse.

Ndinafunsa chifukwa chimene anandibisira. Anayankha ndi amayi eni ake, amene anali ataima pakhomo ndi thaulo paphewa.

"Inu mukanati zitsamba ndi za anthu osaphunzira. Mukanati tipite kwa madokotala atatu, nʼkumandiyangʼana ngati dzira. Ndiponso mukanandiletsa kugwada."

Ndinati kodi kuletsedwa kugwada nʼchinthu choopa.

"Ndi chokhacho chimene mumandiyamikira pagulu," anatero, akumwetulira pangʼono. Kenako anaona kiyi patebulo, ndipo kumwetulira kuja kunatha. Atamva kuti a Nasoni apita, anakhala pansi nanena kuti munthu wachotsedwa ntchito chifukwa chosunga mawu a iwo, ndipo tiyi aliyense amene angamwe tsopano adzawawa.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma ndinafunsa ngati woyendera sukulu, amene amafunsa atalemba kale lipoti lake.

Thoko anafuna kundiperekeza pa galimoto mpaka kwa a Nasoni, koma ndinakana kuti andifikitse pakhomo. Munthu wopita kukapepesa safika akuliza hutala. Ndinavala jekete ndi tayi, ndinatenga ndodo yanga, ndipo ananditsitsa kumsewu waukulu. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi njira imene a Nasoni anayenda kawiri pa tsiku kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, ine osaidziwa. Ndinafunsira kwa amayi ogulitsa tomato, ndipo onse ankawadziwa monga agogo a maluwa. Nyumba yawo ndinaizindikira ndisanauzidwe, chifukwa pakhomo panali rozi zitatu zodzalidwa mʼzidebe, zopanda duwa lofota ndi limodzi lomwe.

Akazi awo, a Esnati, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, nafuna kukabwereka mpando kwa oyandikana nawo. Ndinawapempha kuti asavutike. Kukhala pamphasa kunanditengera nthawi, ndipo mawondo anga anandiuza pangʼono za zimene mkazi wanga ankamva madzulo aliwonse. A Nasoni atatuluka tinapatsana moni wonse, wa kunyumba ndi wa ana, ngati sitinaonane mʼmawa womwewo. Kenako ndinavula chipewa.

"A Nasoni, ndabwera kudzapepesa. Inu munasunga ulemu, ine ndinasunga lamulo, ndipo ndinayesa kuti nʼchinthu chimodzi. Ndalakwira inu, ndalakwiranso mkazi wanga. Kiyi uja ali pomwe munamusiya, ndipo sindimukhudza."

Anasasa fumbi pabondo la thalauza. Kenako ananena kuti za ntchito tikambe tsiku lina, poti mtima wa munthu suli ngati mpopi woti nʼkutseka ndi kutsegula. Koma za mawondo a mayi, anati, sizingadikire. Anandifunsa ngati ndinaganizapo kumene tingapeze zipatso zina.

Ndinayankha kuti ku Area 43 kuli nyumba zazikulu za maluwa ambiri, ndipo ena mwa eni ake ndinawaphunzitsa. A Nasoni anaseka koyamba tsikulo. Anati kumeneko ndi kumene sitingapeze kanthu, chifukwa osamalira maluwa ambiri a kumeneko anaphunzira kwa iwo, ndipo iwo anawaphunzitsa lamulo langa. Pakhomo paliponse posamalidwa bwino duwa silifika pobereka, ndipo ngakhale litabereka lingakhale lopoperedwa. Tinafunika nyumba yolekereredwa. Iwo ankadziwa imodzi, ya mayi wina wamasiye dzina lake Suhaila, amene anapita kwa ana ake kunja chaka chapitacho nʼkusiya mlonda yekha.

Nyumbayo ndinkaidziwa. Nthawi zonse tikamapita kwa Thoko ndinkailoza ndi ndodo pawindo la galimoto, nʼkumanena kuti anthu ena amamanga nyumba koma sadziwa kukhalamo.

Tinafikako dzuwa litapendeka. Mlonda, a Mikaili, anali mnzawo wa a Nasoni, ndipo anati tingolowa tithyole, poti mbalame zokha ndi zimene zimadya. Ndinakana. Sindinathyolepo chipatso mʼmunda wa munthu popanda chilolezo chake, ndipo sindikanayamba ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi. A Mikaili anaimba lamya kwa mwini nyumba, nandipatsa. Ndinadzitchula dzina langa lonse, Dalton Chikaonda, ndi kumene ndimakhala, nʼkufotokoza chimene ndabwerera. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati amayi ake omwe ankamwa tiyi wotereyu, ndipo tithyole zonse, tibwerenso chaka chamawa. Anapepesa kuti munda wake ndi wochititsa manyazi. Ndinamuuza kuti ndi munda wabwino koposa umene ndauona chaka chino, ndipo sindinaname.

Mpanda wonse wa kumbuyo unali wofiira. A Nasoni anandionetsa zoyenera kuthyola: zofiira bwino, zolimba koma zofewa pangʼono ukazitsina, osati zakuda kapena zoboola. Iwo ankathyola ngati akutola mtedza, ine minga inandilemba manja onse, ndipo tayi wanga anakodwa kawiri. Nthawi yachiwiri anandimasula ndi a Nasoni, akunena kuti rozi imeneyi sinaphunzire sukulu, sidziwa woyendera. Tinadzaza chipewa changa ndi thumba la shuga limene a Mikaili anatipatsa.

Tinabwerera ku Area 14 limodzi, ndipo a Nasoni anati angofuna kutionetsa kakonzedwe kake basi, monga mlendo. Amayi atawaona anatuluka mofulumira kuposa mmene ndinawaonera akuyenda chaka chonse, nawagwira dzanja ndi manja awiri. Tinakhala kuseri kwa khitchini tonse anayi. Chipatso chilichonse chinkadulidwa pakati, nʼkukolopola njere ndi tiubweya tamʼkati ndi kasupuni. Thoko anachenjeza kuti tiubweyato sitiyenera kulowa mʼtiyi chifukwa timakanda pakhosi, ndipo a Nasoni anawonjeza kuti pakhungu timayabwa ngati chitedze. Ine ndinayesa kuti akukokomeza, ndipo ndinapukuta thukuta la mʼkhosi ndi dzanja lomwelo. Sindifotokoza zimene zinatsatira. Ndingoti kwa nthawi yoyamba chikwatirane mkazi wanga anandiona nditavula tayi dzuwa lisanalowe, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Zambiri tinaziyala palichero la Thoko lija kuti ziume pamthunzi. Zodzaza dzanja limodzi Thoko anazithira madzi otentha mʼtipoti, nazisiya kanthawi, nazisefa ndi kansalu koyera. Nditaona kuti amayi ayamba kukonza thireyi, ndinawauza kuti apite akakhale pakhonde, pamodzi ndi mlendo wathu. Anafuna kutsutsa, koma ndinawakumbutsa kuti pakhomo pano malamulo ndimaika ndine.

Ndinanyamula thireyi ndekha. Makapu ankagundana, ndipo tiyi wina anatayikira mʼsosala. Kugwada sindinathe, ndipo sindinamizira kuti ndinayesa. Ndinangowerama mmene msana unalolera, nʼkupereka kapu yoyamba kwa amayi a Thoko ndi manja awiri, yachiwiri kwa a Nasoni. Ndinalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo tiyi wa folo koloko azibwera ndi ine, ndipo aliyense wogwada pakhonde langa adzakhala waphwanya lamulo. Amayi anafunsa kuti nanga pagulu ndizidzawayamikira chiyani. Ndinayankha kuti ndili ndi mndandanda wa zaka makumi anayi ndi zisanu umene ndinachita ulesi kuuwerenga mokweza. Anayangʼana mʼkapu yawo, nanena kuti ndathira shuga wambiri.

Ndinalawa wanga. Anali wowawasa pangʼono ngati bwemba, wonunkhira bwino, ndipo ndinavomera pamaso pa onse kuti kwa chitsamba, sanali woipa.

A Nasoni anamwa pangʼonopangʼono mpaka kumaliza. Kiyi anali pomwepo patebulo, pafupi ndi sosala yawo, ndipo palibe amene anamuyangʼana. Ataimirira kuti atsanzike, ananena kuti rozi ya kuseri ndinaidula molakwika, pamwamba kwambiri pa mfundo, ndipo ikasiyidwa chomwecho nthambi ziyamba kuuma kuchokera kunsonga. Anati pafunika munthu woikonza Lolemba mʼmamawa, ndipo zipatso zake zoyamba zisadzadyedwe chifukwa cha mankhwala ndinapopera aja. Ndinayankha kuti sindidziwa munthu wina amene angathe.

Anatola kiyi uja, namuika mʼthumba la mʼkati la jekete lawo la ku tchalitchi.

"Koma chodulira, bwana," anatero, "muzichiona ndi maso okha."

Ndinalonjeza, ndipo mpaka lero sindinachikhudze. Maluwa a kutsogolo akudulidwabe mʼmawa uliwonse, chifukwa sindinasinthe maganizo pa za malaya otuluka kunja kwa kabudula. Koma ya kuseri kwa khitchini imafota mmene ifunira. Mawondo a amayi a Thoko sanachire, ndipo kuchipatala timapita limodzi tsopano, ine nditanyamula kabuku kawo. Masiku ena amadzuka bwino, masiku ena ayi. Folo koloko ikakwana amakhala pampando wawo nʼkumadikira, ndipo sanasiye kudandaula za shuga.